Mutu 8: Phewa Lina Likakwera, Lina Likatsika

Nthawi zambiri woyamba kuzindikira sakhala mayi kapena bambo, amakhala telala. Mu Januwale, sukulu zikamatsegulidwa, makina amalira pakhonde la sitolo kuyambira m'mawa, ana n'kumabwera kudzayezetsa yunifolomu. Telala wayeza mtsikana wa giredi 6, wadula nsalu, wasoka. Pomuveka, mpendero wa diresi ukulendewera mbali imodzi. Abwereza kuyeza, nsalu ili bwinobwino. "Iwe, taima bwino!" Mwana ayankha kuti waima kale bwino, ndipo sakunama ayi. Phewa lakumanja lakwera, lakumanzere latsika, mwini wake sakumva chilichonse.

Nkhani ikafika kunyumba, m'midzi ya mfumu Zingalume monganso kwina kulikonse m'boma la Chadiza, zifukwa sizichedwa kupezeka. Agogo aloza ndowa: mwana anayamba kusenza madzi akadali wanthete. Bambo aloza chikwama cha mabuku chimene amachipachika phewa limodzi. Aphunzitsi ati ndi ulesi, amakhala chopindika m'kalasi. Ndipo sipalephera wina wonong'ona kuti pali dzanja la munthu. Zina mwa izi zili ndi kachoonadi kake, zina n'zabodza zenizeni. Kuti tizisiyanitse, tiyambe taona zimene zikuchitika m'mafupa a mwana wa zaka 10 mpaka 16.

Mmene fupa limatalikira

Khanda limabadwa ndi mafupa oyandikira 300, ambiri akadali ofewa. Pokula, ena amalumikizana n'kukhala fupa limodzi, mpaka munthu wamkulu amatsala ndi 206. Fupa lalitali, monga la ntchafu kapena la mkono, silitalika paliponse, limatalikira kumapeto. Chakumutu kwa fupalo kuli kachigawo kopyapyala ka chicherewecherewe, ndipo m'menemo ndi momwe maselo amachulukana, n'kuuma, n'kusanduka fupa. Pa chithunzi cha X-ray kachigawoka kamaoneka ngati kamzere kakuda kodula fupa, mwakuti wosadziwa angaganize kuti mwana wathyoka. Kamzereka kakatsekeka, kutalika kwathera pomwepo. Palibe mankhwala, chakudya, kapena kulendewera panthambi ya mango kumene kungawonjezere ngakhale sentimita imodzi.

Mwana akamayandikira kutha msinkhu, mahomoni amadzutsa tizigawo timeneti, ndipo amatalika mwachangu kuposa nthawi ina iliyonse chichokereni ukhanda. Mtsikana amafika pachimake ali ndi zaka 11 kapena 12, n'kumawonjezera masentimita pafupifupi 8 pa chaka. Mnyamata amachedwerapo zaka ziwiri, koma pachimake pake amawonjezera 9 kapena 10. Kumene chakudya chili chopereŵera zonsezi zimachedwa ndi chaka kapena kuposerapo. Thupi silikulanso pamodzi lonse: amayamba ndi mapazi ndi manja, kenako miyendo, thunthu n'kutsirizira. Nchifukwa chake nsapato ndizo zimayamba kuthina, buluku n'kufupika, malaya n'kudzachepa pambuyo.

Mahomoni omwewo ndiwonso amatseka tizigawoto. Apa pali mfundo imene tidzaibwerere: mtsikana amatalika kwambiri pafupifupi chaka chimodzi asanaone kumwezi koyamba. Akatha msinkhu amangotsala ndi masentimita 5 mpaka 7, ndipo pakatha zaka ziwiri kutalika kumakhala kwatha kapena kuli pafupi kutha.

Msana si fupa limodzi. Ndi timafupa 33 tosanjikizana: 7 m'khosi, 12 m'chifuwa momwe mwagwira nthiti, 5 m'chiuno, ndipo totsalato tinamatirirana kumunsi. Kafupa kalikonse kamakula pamwamba ndi pansi pake. Mbali imodzi ikakula pang'ono kuposa inzake, kafupako kamapendekeka, ndipo timafupa tingapo totsatizana tikapendekeka, msana wonse umakhota. Phewa nalo lili ndi zake. Fupa lopingasa pakati pa khosi ndi phewa ndilo loyamba kuuma mwana ali m'mimba, koma ndilo lomaliza kukhwima, cha m'ma zaka 25. Mnyamata wa zaka 17 amene wasiya kutalika mapewa ake akadali paulendo.

Fupa limamangidwa ndi kashiamu, ndipo akatswiri a zakudya amati wachinyamata amafuna mamiligalamu 1,300 patsiku, kuposa munthu wamkulu. Nsima ya chimanga ili nayo yochepa kwambiri. Imapezeka mu kapenta wodya ndi minga yake yomwe, m'mawere, m'malambe, mu bonongwe ndi masamba ena obiriwira, mu nyemba ndi soya, ndi mu mkaka kwa amene ali ndi ng'ombe kapena mbuzi. Vitamini D yothandiza thupi kuyamwa kashiamuyo timaipeza ku dzuwa, ndipo dzuwa ku Chadiza sitigula. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2018 anapeza kuti ana 35 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 m'Zambia anali opinimbira. Kupinimbira kumafupikitsa msinkhu, koma sindiko kumakweza phewa limodzi, choncho mayi asadziimbe mlandu wa ndiwo.

Kusiyana kumene sikuli matenda

Palibe munthu wofanana ndendende mbali zonse. Mukaimika anthu khumi pamzere, mupeza kuti ambiri phewa la dzanja limene amagwiritsa ntchito ndi lotsikirapo pang'ono. Wosinja, wolima, wowaza nkhuni, minofu yake imakula mbali imodzi kuposa inzake. Kusiyana kwa sentimita imodzi kapena kuchepera apo sikufuna dokotala, ndipo ambiri amakalamba nako osadziwa n'komwe.

Chizolowezi cha kaimidwe chimadziwika mosavuta: chimatha munthu akasintha. Mwana akauzidwa kuti awongoke n'kuwongokadi, kapena akagona chafufumimba msana n'kukhala wowongoka, ndiye kuti mafupa ali bwino. Atsikana ambiri amayamba kukumbatira mapewa kutsogolo maere akamatuluka, pofuna kubisa chifuwa kwa anyamata oseka. Mwana wotalika kuposa anzake amadzifupikitsa. Kwathu kunonso mwana wamwambo amawerama pamaso pa akuluakulu, ndipo mtsikana woyenda atatukula chifuwa amatchedwa wamatama. Timamuphunzitsa kuwerama, kenako n'kumukalipira kuti wawerama! Kuyambira 2022, pamene boma linachotsa malipiro a sukulu, makalasi anadzaza, ndipo ngakhale ndalama za boma za chitukuko cha m'madera (CDF) zakhala zikugula madesiki, alipobe ana amene amalembera pamaondo atakhala pansi. Kukhala chopindika maola ambiri kumatopetsa minofu ndi kupweteketsa msana, koma sikupinda fupa. Mankhwala ake ndi kudzuka, kuthamanga, mpira, kudziwongola, kukalipira sikuthandiza.

Pali kuwerama kwina komwe sikumvera mawu. Dokotala wa ku Denmark, Holger Scheuermann, anakufotokoza mu 1920 ataona anyamata ogwira ntchito m'mafamu ali ndi msana wozungulira wouma. Timafupa ta m'chifuwa timakhala tafupika kutsogolo, ndiye mnyamatayo angayesetse bwanji, kapena agone chagada, msana sutambasuka. Wotere si waulesi. Afunika kuonedwa kuchipatala.

Nthawi zina vuto silikhala pamwamba konse koma kumiyendo. Mwendo umodzi ukafupika, chiuno chimapendekeka, msana n'kukhotera mbali ina kuti mutu ukhalebe pakati, phewa n'kukwera. Mukhazikeni mwana pampando wathyathyathya: ngati mapewa afanana atakhala koma amasiyana akaima, yang'anani miyendo. Mwendo umafupika ngati fupa linathyokera pa kachigawo kokulira kaja, ngati linachita mafinya ali wamng'ono, ngati nyung'unyu inawonongeka ndi matenda a sickle cell, kapena chifukwa cha poliyo. Poliyo tisamuyese wakale. Africa analengezedwa kuti wathana ndi poliyo wakutchire mu 2020, koma mu Febuluwale 2022 anapezeka mwa mwana ku Lilongwe, ndipo chaka chomwecho anagwira ana angapo m'chigawo cha Tete, chomwe chachita malire ndi Chadiza. Mwendo wofupika pang'ono umathandizika ndi kukweza chidendene cha nsapato, muyezo wake atapereka achipatala.

Mlandu wa ndowa

Tsopano ndowa ija. Madzi okwana malita 20 amalemera makilogalamu 20, osawerengera chigubu. Mtsikana wa zaka 12 wolemera makilogalamu 35 akasenza chigubu chodzaza, wanyamula choposa theka la thupi lake. Asayansi anachita chidwi ndi luso limeneli: mu 1986 Geoffrey Maloiy ndi anzake ku Kenya anayeza amayi achiluo ndi achikikuyu, n'kupeza kuti amatha kusenza katundu wofika gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa thupi lawo popanda kuwononga mphamvu yowonjezera. Koma amenewo anali amayi okhwima mafupa, ndipo gawo limodzi mwa asanu la mtsikana wathu uja ndi makilogalamu 7 okha.

Kodi ndowa ndiyo imakhotetsa msana? Palibe umboni wotero. Katundu wa pankhata amatsikira pakati pa thupi, ndipo wosenza sangayende chopendekeka, madzi angamuthire. Kukhota kwa msana kumapezekanso mwa ana a ku Ulaya ndi ku America amene sanasenzepo ngakhale kapu. Chikwama cha phewa limodzi nachonso chimakweza phewa pamene chapachikidwa, koma chikatsitsidwa phewa limabwerera.

Izi sizikutanthauza kuti ndowa yapambana mlandu wonse. Limene limazunzika ndi khosi. Mu 1968 dokotala wa ubongo ndi msana, Laurence Levy wa ku Harare, pa nthawiyo Salisbury, analemba za amuna osenza matumba olemera amene anathyoka makosi, ena n'kufa ziwalo. Ofufuza motsogozedwa ndi Gina Porter atafunsa ana onyamula katundu ku Malawi, Ghana ndi South Africa, ambiri anadandaula za kupweteka kwa mutu, khosi ndi msana. Mwana wa zaka 10 asenze chigubu chaching'ono, apite kawiri. Pamene pali njinga kapena wilibala, madzi ndi chimanga cha kuchigayo zikwere pamenepo, ndipo kunena zoona anyamata a pakhomopo ali ndi makosi nawonso. Chikwama cha sukulu chisapitirire magawo 10 mpaka 15 pa 100 a kulemera kwa mwana, ndipo achiberekere mapewa onse awiri.

Kukhota kwenikweni

Matenda amene makolo ayenera kuwadziwa ndi amene achipatala amati scoliosis. Msana ukawonedwa kumbuyo uyenera kutsika mowongoka kuchokera kukhosi mpaka kuchiuno. Mwa wodwalayu umakhota ngati chilembo C kapena S. Komanso sungokhota, umapotoka: timafupa timatembenuka, n'kukoka nthiti, mwakuti mbali imodzi ya msana imatukuka. Kawirikawiri kumtunda kumakhotera kumanja, ndiye phewa lakumanja limakwera, fupa lake lakumbuyo n'kutuluka, ndipo mpata wa pakati pa mkono ndi chiuno umakula mbali imodzi.

Mwa odwala 10 alionse, pafupifupi 8 palibe chifukwa chimene chimapezeka. Mwana anabadwa bwino, anakula bwino, n'kuyamba kukhota pamene akutalika. Chodziwika n'chakuti zimayenda m'magazi: ngati mayi kapena mkulu wake ali nako, mng'ono wake ayang'anidwe. Kumagwira achinyamata awiri kapena atatu mwa 100 alionse, ndiye kuti m'kalasi ya ana 70 mukhoza kukhala mmodzi kapena awiri. Kukhota kwakung'ono kumagwira anyamata ndi atsikana pafupifupi mofanana, koma kumene kumakula mpaka kufuna chithandizo kumachuluka kwambiri mwa atsikana. Ndipo nthawi zambiri sikupweteka. Mwana amathamanga, amasenza, amadya bwino. Palibe chomupititsa kukiliniki.

Apa ndi pamene pagona vuto lathu. Kukhota kumakula pamene msana ukutalika, makamaka m'chaka chija mtsikana asanathe msinkhu. Koma imeneyo ndiyo nthawi imene msana wake palibenso akuuona. Ali wamng'ono mayi amamusambitsa tsiku ndi tsiku, ndipo kachiphuphu kalikonse amakadziwa. Akafika zaka 9 kapena 10 amasamba yekha, amavala yekha, amachita manyazi, ndipo ndi bwino kutero. Kusikelo anasiya kupita ali ndi zaka 5. Anamkungwi adzamuona pa chinamwali, koma pofika pamenepo chimake cha kutalika chadutsa, ndipo ngati msana unali wokhota, wakhota kale kwambiri. Mnyamata amayenda chosavula malaya kumunda ndi kumtsinje, ndiye wake umaoneka. Wa mtsikana, amene ali pachiopsezo chachikulu, ndi wobisika.

Njira yoonera ndi yakale ndipo siifuna chida chilichonse. Anaifotokoza dokotala wa ku London, William Adams, mu 1865. Mayi, azakhali kapena agogo aakazi amutengere mwana pamalo owala koma obisika. Avule kumsana, chitenje atamanga kutsogolo. Aime mapazi pamodzi, maondo owongoka, agundanitse zikhato, kenako awerame pang'onopang'ono manja ali lendee. Woyang'anayo aime kumbuyo, atsitse maso afanane ndi msana, ayang'ane kuchokera kuchiuno kukwera kukhosi. Mbali zonse ziwiri zikhale zofanana. Ngati nthiti za mbali imodzi zatukuka kuposa zinzake, kapena mnofu wa m'chiuno wakwera mbali imodzi, mwanayo apite kuchipatala. Kupendekeka kwa chizolowezi kumatha munthu akawerama chonchi, pamene kupotoka kwa mafupa kumaonekera kwambiri. Mabungwe a madokotala a mafupa ndi a ana ku America amalangiza kuona atsikana kawiri, pa zaka 10 ndi 12, ndi anyamata kamodzi, pa zaka 13 kapena 14. Mayiko ena, monga Britain, sayeza ana onse m'sukulu, poopa kutumiza kuchipatala ana ambiri opanda vuto. Nkhawa yawo ndi yomveka, koma iwo dokotala ali pafupi. Kumene ulendo wa kuchipatala chachikulu umafuna kugulitsa mbuzi, kudziwa msanga kuli ndi phindu lake.

Linunda losongoka: apa musadikire

Tisanafike pa chithandizo, pali kupindika kwina kumene kuno kwathu n'koopsa kuposa zonse tatchulazi. Chifuwa chachikulu, TB, sichigwira mapapo okha. Tizilombo take timayenda m'magazi n'kukakhazikika m'timafupa ta msana, makamaka kumunsi kwa chifuwa ndi kumtunda kwa chiuno. Timadya mbali yakutsogolo ya kafupa mpaka kamaphwanyika, ndipo msana umapindikira kutsogolo pamalo amodzi, n'kutuluka kalinunda kosongoka koti mungakaloze ndi chala. Dokotala wa ku England, Percivall Pott, analemba za matendawa mu 1779, ndipo mpaka lero amatchedwa ndi dzina lake.

Kusiyana kwake ndi scoliosis n'koonekeratu. Uyu amamva ululu, ngakhale usiku atagona. Amayenda mouma, amagwira maondo kapena ntchafu ndi manja kuti adzichirikize, ndipo chinthu chikagwa pansi amanjuta m'malo mowerama. Amaonda, amatuluka thukuta usiku, thupi limatentha pang'onopang'ono. Mwina sakhosomola n'komwe, ndipo izi ndi zimene zimasocheretsa anthu. Nthawi zina chotupa chofewa chosatentha chimatulukira m'mphechepeche kapena m'mbali mwa chiuno. Mafinya ndi fupa lophwanyika zikapanikiza mtsempha waukulu wa mumsana, miyendo imayamba dzanzi, kufooka, kenako mwana amalephera kuyenda ndi kugwira mkodzo. Amene ali ndi HIV kapena amene akhala m'nyumba imodzi ndi wodwala TB ali pachiopsezo chachikulu.

Matendawa ndi amene kawirikawiri amatchedwa ufiti, chifukwa amabwera mwakachetechete ndi kupundula mwana amene anali bwinobwino. Miyezi imatha akutema mphini pamsana pamene fupa likudyeka. Chonsecho mankhwala a TB m'zipatala za boma m'Zambia ndi aulere. A msana amamwedwa nthawi yaitali, kawirikawiri miyezi 9 mpaka 12, ndipo akayambidwa msanga ngakhale miyendo yofooka imatha kubwerera. Linunda likatuluka kale mankhwala salibweza. Choncho msana wopweteka kwa masabata angapo mwa mwana, ululu wodzutsa usiku, dzanzi kapena kufooka kwa miyendo, kapena kukhota koyamba asanakwane zaka 10, zimenezi si zoyembekezera kuti tikolole kaye.

Zimene achipatala amachita

Ulendo umayambira pakiliniki yapafupi, kenako chipatala cha boma ku Chadiza, chomwe chimatumiza ovuta ku Chipata Central Hospital kapena ku St Francis ku Katete, chipatala cha mishoni chimene chinayamba mu 1948. Akatswiri a mafupa ambiri ali ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 500: ku University Teaching Hospital, ndi ku Beit CURE, chipatala cha ana olumala chomwe chinatsegulidwa mu 2006. Kuyambira 1982 bungwe la FlySpec, lomwe anayambitsa John Jellis, lakhala likuulutsa madokotala a mafupa pandege kupita kuzipatala zakumidzi, choncho ndi bwino kufunsa ngati pali tsiku limene katswiri adzabwere pafupi. Mwa Achewa ulendo wotere sapanga mayi yekha. Amalume, eni mbumba, auzidwe msanga kuti ndalama ya thiransipoti iyambe kusonkhedwa.

Kuchipatala amajambula X-ray mwana ataimirira, n'kuyeza kukhota m'madigiri potsata njira imene John Cobb wa ku New York anaifotokoza mu 1948. Kosakwana madigiri 10 sikuwerengedwa ngati matenda. Pa chithunzi chomwecho amayang'ananso m'mphepete mwa fupa la chiuno kuti aone kukula kumene kwatsala, chifukwa madigiri 20 mwa mtsikana wa zaka 11 amene sanathe msinkhu ndi nkhani yaikulu kuposa madigiri 25 mwa wa zaka 16. Kosakwana madigiri 25 amangokuyang'anira miyezi 4 mpaka 6 iliyonse, ndipo ana ambiri amathera pamenepa osafuna china chilichonse.

Pakati pa madigiri 25 ndi 40, ngati mwana akukulabe, amamupangira chovala cholimba cha pulasitiki chogwira thunthu, chimene amati brace. Akuluakulu anati kuwongola mtengo m'poyamba, ndipo madokotala a mafupa anaganiza chimodzimodzi: m'buku la Nicolas Andry la mu 1741 ku Paris muli chithunzi cha kamtengo kokhota komangiriridwa ku mzati, chomwe mpaka lero ndi chizindikiro cha ntchito yawo. Koma tisayembekeze zopitirira. Brace siwongola msana kuti ubwerere mwakale. Imaletsa kuti usakhote kwambiri mpaka mafupa atakhwima. Kafukufuku wamkulu amene Stuart Weinstein ndi anzake anafalitsa mu 2013 anapeza kuti mwa ana ovala brace, 72 mwa 100 anakhwima osafika pofuna opaleshoni, pamene mwa osavala anali 48. Amene ankavala maola oposa 13 patsiku zinawayendera bwino koposa. Kuvala pulasitiki m'kutentha kwa Okutobala, pamaso pa anzako a giredi 7, si masewera, ndipo mwana wotere amafuna kulimbikitsidwa kunyumba ndi kusukulu komwe. Mafupa akakhwima, brace ilibenso ntchito. Nchifukwa chake chaka chimodzi chochedwa chimawawa.

Kukhota kukapitirira madigiri 45 kapena 50 madokotala amaganizira za opaleshoni, chifukwa kotere kumapitirirabe pang'onopang'ono ngakhale munthu atakula. Amaika zitsulo m'mbali mwa msana ndi kulumikiza timafupa tokhotato kuti tikhale fupa limodzi, ndipo njira ya zitsuloyi anaitsegula ndi Paul Harrington wa ku Houston cha m'ma 1960. Ndi opaleshoni yaikulu, yodula, yochitika m'zipatala zochepa. Masewero olimbitsa minofu amene afiziyo amaphunzitsa amathandiza kaimidwe ndi ululu, koma kukanda, kukoka, kugoneka mwana pathabwa kapena kumumanga nsalu sikuwongola fupa lopotoka.

Makolo ambiri mantha awo enieni samawatchula: kodi adzakwatiwa, kodi adzabereka? Weinstein yemweyo anatsatira anthu a msana wokhota a ku Iowa amene sanalandire chithandizo kwa zaka 50, n'kufalitsa zotsatira mu 2003. Ambiri anagwira ntchito, anakwatira ndi kubereka ngati anzawo, kungoti msana unkawapweteka pafupipafupi. Kupuma kumavuta pokhapokha kukhota kwa m'chifuwa kukakula kwambiri, cha m'ma madigiri 80 kupita m'tsogolo. Mafupa a mfumu Richard III ya ku England, amene anafukulidwa ku Leicester mu 2012, anaonetsa msana wokhota kwambiri, koma munthuyo anafera pankhondo mu 1485 akumenya yekha. Usain Bolt wa ku Jamaica, amene anathamanga mamita 100 m'masekondi 9.58 mu 2009, ali ndi scoliosis. Mwana wa phewa lokwera asachotsedwe pasukulu kapena pabwalo la mpira.

Mukapita kuchipatala, tengani zinthu zitatu zimene dokotala sangazipeze yekha: mwezi ndi chaka chimene mtsikana anatha msinkhu, ngati watha, mbiri ya wina aliyense wa msana wokhota kapena wa TB pabanjapo, ndi muyezo wa msinkhu wake, umene mungamalembe pachitseko miyezi itatu iliyonse. Chithunzi cha X-ray chisungeni, kapena chijambuleni pafoni pamodzi ndi tsiku lake, chifukwa chithunzi chimodzi chimangonena pamene msana uli, ziwiri ndizo zimasonyeza ngati ukukhotabe. Ndipo ngati pakhomo panu pali mtsikana wa zaka 10 kapena 12, kapena mnyamata wa zaka 13, musadikire telala: muuzeni awerame sabata ino, muone msana wake.